Ndalama Zosagula Mcere

Pa 16 Juni 1980 metikali idalowa m'malo mwa esikudo. Mu 2006 kudabwera metikali yatsopano: imodzi idasinthidwa ndi zakale 1000. Lero ndalama zakalezo sizigula mcere pamsika wa Kalomwe. Koma m'mizinda alipo anthu ozisonkhanitsa, ndipo zosowa amazigula pa mtengo wokwera.

Kodi nayenso mlimi atape cimanga m'nkhokwe kuti agule ndalama zosagula kanthu? Iyayi. Pepala lakale silithamangitsa njala.

Komabe tisataye makobidi amene agogo adamanga pansalu. Amenewa safuna kugula, tili nawo kale. Mwana akawagwira amafunsa, ndipo agogo amamuuza za msonkho wa atsamunda ndi za cibalo. Phindu la makobidiwo ndi limeneli. Tiyeni tiwasunge.