Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere

Nkhuyu ikapsa imakopa maso, koma ukaing'amba umapeza tizilombo tili yakaliyakali. Ndi mwambiwu, makolo ankatichenjeza kuti tisamatengeke ndi maonekedwe a kunja.

Aliyense wofuna kudzutsa galimoto yakale ku Zomba ayenera kuusunga pamtima. Phiri la Zomba limafika mamita oposa 2,000, ndipo nkhungu, mvula ndi chiperoni sizisowa. Matope a m'misewu ya m'nkhalango kumtunda kwa Ku Chawe amakakamira kunsi kwa galimoto n'kusunga chinyontho. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, dzimbiri limayamba kudya.

Taonani Land Rover zakale. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, yosachita dzimbiri, motero imaonekabe bwino. Koma chasisi ndi chachitsulo, ndipo chimaola kuyambira m'kati. Ukagogoda ndi hamala, zimayoyoka ndi nyenyeswa zofiirira.

Mmisiri wothamangira ndalama amangomata filler pabowo n'kupopera penti yonyezimira. Mvula ikangodutsa, penti imatukusira. Mmisiri weniweni amapala mpaka chitsulo chiyere, amadula poola ponse, amawotcherera chigamba chatsopano, amapaka red oxide, kenako penti. Ntchito yotere imachedwa ndipo imadula, koma ndi imene imateteza miyoyo ya okwera galimoto ikamatsika phiri.

Pogula galimoto, gwadani muone kunsi, tukulani makapeti. Posankha bwenzi kapena mtsogoleri, chitaninso chimodzimodzi: funsani ntchito zake musanakopeke ndi suti.