Kodi Wanjala Angadye Buku?

Namondwe wa Freddy atawomba m'mwezi wa Marichi 2023, madzi ndi miyala yochokera m'mapiri zidakokolola nyumba, minda ndi milatho m'boma la Phalombe. Sukulu zambiri zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi yotere, munthu amene angaimirire pa msonkhano n'kunena kuti ku Migowi kapena ku Chiringa kukufunika laibulale angaoneke ngati wopepera. Anzake angamufunse kuti, "Kodi wanjala angadye buku?"

Funso limeneli si lachibwana ayi. Thumba la boma ndi limodzi, ndipo ndalama yogulira buku ndi yomweyo imene ikadagula chimanga kapena mankhwala. Kawirikawiri amene amanyoza funsoli ndi anthu amene sadagonepo ndi njala.

Komabe mayi wa kumudzi amadziwa kanthu kena. Ngakhale nkhokwe itagwa, iye amapachika ngala zingapo za chimanga pamwamba pa moto kuti zide ndi mwaye, ndipo sazikhudza ngakhale ana akulira. Mayiyo si wouma mtima. Akudziwa kuti kudya mbewu ndiko kuitana njala ya chaka chamawa. Buku nalonso ndi mbewu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Mnyamatayu adayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy. Ali ndi zaka 14 zokha, adapanga makina opukusidwa ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, mitengo ya bulugama ndi ziwalo za njinga, nyumba ya makolo ake n'kuyaka magetsi. N'zoona kuti si mwana aliyense wolowa m'laibulale amene adzakhale Kamkwamba. Nanga mlimi amaleka kubzala poti si njere zonse zimamera?

Ena amatsutsa mwa njira ina. Iwo amati pamene bungwe la National Library Service linkakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, buku lidali chinthu chosowa, koma lero nzeru zonse zili m'foni. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma foni imagulitsa nzeru ngati mchere wa pa msika: ndalama ikatha, khomo latsekeka. Imasakanizanso zoona ndi mabodza m'lichero limodzi, osapeta. Mtsikana wa Fomu 4 amene kwawo kulibe magetsi, tebulo kapena bata sasowa mabuku okha. Amasowa malo owala pomwe angakhale osatumidwa kumjigo, kompyuta imene angagwire popanda kufunsidwa kuti bambo ake ndani, ndiponso munthu wodziwa womuthandiza kulekanitsa mphale ndi gaga. Ntchito ya laibulale yakula, siidathe.

Palinso ntchito ina imene anthu saiganizira. Laibulale yakale inkangobweretsa nzeru za kutali, ngati kuti mudzi ulibe zake zoti usunge. Chonsecho Freddy sadali mlendo woyamba ku Phalombe. M'mwezi wa Marichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Amene adaona ndi maso awo akudziwa makwawa amene madzi adadzera, phokoso limene lidamveka kuphiri, ndi malo amene anthu adapulumukirako. Zambiri mwa izi zili m'mitu ya anthu amene akukalamba, ena mwa iwo ofotokoza bwino m'Chilomwe, chinenero chimene adzukulu awo ambiri sachimva. Nkhalamba iliyonse ikaikidwa m'manda mawu ake asadalembedwe kapena kujambulidwa, mnyamata wofuna malo omangapo nyumba amakasankha chigwa chachonde chomwecho chimene agogo ake adathawamo usiku.