Mfundo zofunika posankha masilinda a Beetle

Volkswagen Beetle yakale ilibe ladiyeta ndipo simwa madzi. Injini yake ili kumbuyo, masilinda anayi atagona awiri uku awiri uku, ndipo chimaiziziritsa ndi mphepo ya fani ndi oilo basi. Silinda iliyonse ndi chitsulo chapachokha, chazipsepse ngati za nsomba, ndipo ikatha mumaisolola n'kulowetsapo ina. Ku Uitenhage, ku South Africa, anasiya kupanga galimotozi mu 1979, ndipo yomaliza padziko lonse inatuluka ku Puebla, ku Mexico, mu 2003. Koma masilinda ake akupangidwabe, abwino ndi oipa omwe, ndipo wosankha ndinu.

1. Yezani kaye chimene muli nacho. Injini ya 1200 ndi ya 1300 zonse bowo la silinda ndi mamilimita 77, koma pisitoni ya 1200 imayenda mamilimita 64 pamene inayo imayenda 69. Pamaso zimafanana, pantchito ayi. Bowo la injini ya 1500 ndi 83, la ya 1600 ndi 85.5. Galimoto imene yadutsa m'manja ambiri mwina inasinthidwa injini kalekale, choncho zolembedwa m'buku lake musazikhulupirire kuposa choyezera. Safunsa anadya phula.

2. Chimene mwapatsidwa mosavuta, funsani kumene chachotsedwa. Pali masilinda a 87 amene amangolowa pamalo a 85.5 popanda kusema kanthu. Injini imachoka pa 1584cc kufika pa 1641cc, ndipo wogulitsa amakuuzani ndi nkhope yowala kuti mwapeza mphamvu yaulere. Sanakunamizeni, wangosiya mbali ina ya nkhani. Kunja kwa silindayo sikunakule. Bowo lakula chifukwa adyera khoma m'kati, ndipo khomalo ndilo limapirira moto. Ndinaonapo makanika wachikulire atagwira masilinda awiri, imodzi dzanja ili ina dzanja ili, n'kuyendetsa chala chachikulu pamlomo wa iliyonse. Sanayankhule. Anangondipatsa kuti nanenso ndikhudze, ndipo chala changa chinamva chimene maso anaphonya.

Khoma lopyapyala likatentha limapindika pang'ono, bowo silikhalanso lozungulira bwino, maringi sagwira, oilo amayamba kupsa, utsi wabuluu kumbuyo. Injini yamadzi ikanabisa cholakwacho kwa nthawi. Iyi sikhululuka. Nkhani ndi yomweyo pa 92 ndi 90.5: kunja n'zofanana, koma 92 imakupatsani 1835cc pamene inayo imakupatsani 1776cc ndi khoma lochindikala. Ine ndingatenge 90.5 n'kugona tulo. Kusiyana kwa mphamvuko simungakumve n'komwe pokwera mtunda, koma kutentha injini imakumva.

3. Pali zosankha zimene sizibwezeka. Kuti 90.5 kapena 94 ilowe, ayenera kusema buloko ndi mahedi. Buloko ya Beetle ndi ya magnesium, chitsulo chopepuka komanso chofewa, ndipo chimene makina achotsa sichimeranso. Musanavomere, dzifunseni kuti galimotoyo ntchito yake ndi yotani. Yongoyendera Lamlungu ndi ina, Kombi yonyamula katundu dzuwa likuswa mtengo ndi inanso. Yolemedwayo imafuna khoma lochindikala kuposa liwiro.

4. Wodwala kawirikawiri musafulumire kumunena kuti ndi wofooka. Pa mainjini akale, silinda nambala 3 ndiyo inkayamba kupsa. Sikuti inapangidwa ndi chitsulo chachabe. Choziziritsira oilo chinkakhala panjira ya mphepo yake, choncho anzake atatu ankalandira mphepo yabwinoko pamene iyo inkalandira yofunda kale. Volkswagen inakonza zimenezi cha mu 1971 posunthira choziziritsiracho kunja kwa njira ya mphepo. Kunena zoona, anthu otere tili nawo m'mabanja ndi m'maofesi, amene timawadzudzula osayang'ana pamene tinawaika.

Ndiye mukapeza silinda imodzi itapsa, fufuzani chinaiwotcha. Lamba wa fani ndi wolimba? Mavavu ali ndi mpata wa mamilimita 0.15 injini ili yozizira? Taimingi ili bwino? Mukangoika yatsopano osafufuza, mwangoperekanso nkhuku kwa fisi yemweyo. Ndipo posintha sinthani zonse zinayi pamodzi ndi mapisitoni ndi maringi ake, zolemera mofanana.

5. Chatsopano si choyera. Silinda yongotuluka m'katoni imakhala ndi mafuta oteteza dzimbiri komanso timchenga totsalira posalaza bowo. Itsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, muipukute ndi kansalu koyera. Ulendo woyamba kansaluko kamatuluka kotuwa ngati mwapukutira poto. Bwerezani mpaka katuluke koyera, kenako muipake oilo msanga isanachite dzimbiri. Ntchito yonyozeka, koma timchenga timeneto mukatisiya timadya maringi musanayende mtunda wautali.

6. Pansi pa masilinda, pakati pa awiri alionse, pamakhala kachitsulo kakang'ono kokhotetsa mphepo kuti izungulire zipsepse zapansi. Sikaoneka injini ikamangidwa, ndipo kamalowa machubu a mapushirodi asanaikidwe. Ambiri amakaiwala. Amadzakapeza pabenchi pambali pa sipanala ntchito itatha, n'kunena kuti n'kachitsulo chabe. Injiniyo ilira bwinobwino tsiku limenelo, ndi mawa lomwe, uku pansi pa masilinda pakupsa mwakachetechete. Mukakapeza pabenchi, musakaponye m'bokosi la mabauti. Masulaninso mahediwo, kabwerere pamalo pake.