Moto Wosasonkhedwa ndi Munthu

M'mwezi wa Julaye, mwera ukamaomba m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, m'mawa kumazizira mpaka zala kuuma gwa. Tsiku lina lotere ndinali kwa atsibweni anga, kuseri kwa Nsaru, ndipo anandidzutsa dzuwa lisanatuluke. Ndinkayesa tikukaotha moto, koma anandilondolera kuseri kwa khola la mbuzi, kumene kunali kamulu kolekeza m'chiuno, komatidwa ndi dothi ngati nkhokwe, kali ndi kabowo pamwamba. Ichi n'chimene alimi ndi alangizi amachitcha chimato. Anasolola ndodo imene anaibaya pakati pake dzulo lake madzulo.

"Mphwanga, tagwira apa."

Ndinagwira, n'kudzidzimuka. Ndodoyo inali yotentha ngati mthiko umene angotakasira phala. Pakabowo pankafuka nthunzi yoyera, ikukwera pang'onopang'ono m'chisanu chija.

"Kodi mwasonkhamo moto, atsibweni?"

"Moto wanji? Wasonkha ndi Mwini wake."

M'katimo munalibe chachilendo. Anayala mapesi oduladula, pamwamba pake masangwi a mtedza, kenako ndowe za mbuzi, masamba aawisi, phulusa la pamafuwa, n'kuwaza madzi, n'kuyambanso kuyala chimodzimodzi mpaka mulu kukwera. Zonsezi ndi zinthu zimene timazisesa, kuziponda ndi kuzitaya kudzala osacheuka n'komwe. Koma zitangokumana mumdima, pachinyezi, zinafunda ngati thupi la chamoyo.

Ndipotu n'zamoyodi. M'dothi lachonde lodzaza dzanja limodzi mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi. Timadya, timapuma mpweya monga ife, ndipo pogaya chakudya timatulutsa kutentha monga momwe thupi la munthu limafundira. Tikachulukana mumulu wa manyowa, kutenthako kumafika madigiri 60, kokwanira kupha njere zambiri za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Kabowo ka pamwamba kaja ndi mphuno ya chimato. Mukakatseka, kapena mukathira madzi mopyola, mulu umabanika n'kuyamba kununkha. Mukaumana madzi, ntchito imaima. Kutentha kukatsika, timaulusi toyera ta nkhungu timayanga m'mapesi, abongololo amalowa, ndipo potsiriza pamabwera nyongolotsi. Aliyense amafika nthawi yake, amadya gawo lake, n'kusiyira mnzake. Palibe kapitawo amene amawaitana. Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku England, anatha zaka zambiri akuyang'anitsitsa nyongolotsi, ndipo buku lake lomaliza, la mu 1881, linali lonena za tinyama timeneti ndi mmene timapangira nthaka. Sindidabwa kuti munthu wophunzira chotero anagwada pansi kuonerera nyongolotsi. Inenso m'mawa uja ndinagwada.

Palinso moto wina umene tonse timaudziwa. Mukayenda mumsewu wa ku Mchinji m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, kuyambira pa Mpingu mpaka ku Namitete, utsi umakhala uli tolotolo mbali zonse. Ena akusosa, ena ndi anyamata osaka mbewa. Sindiwaweruza msanga, pakuti kututa mapesi n'kuwaduladula ndi ntchito yowawa msana, ndipo madzi m'chilimwe amachokera kutali. Koma mtima umandipweteka. Moto wa machesi umamaliza m'kanthawi kochepa zimene munda unasonkhanitsa dzinja lonse. Phulusa limatsala ndi michere ina, koma nayitirojeni, mchere umene chimanga chimaulira kwambiri, amauluka ndi utsi.

Nkhani ya mchere umenewu ndiyo imandisowetsa chonena. Mwa magawo 100 a mpweya umene tikupumawu, 78 ndi nayitirojeni. Chimanga chachikasu, chopinimbira, chimaima pakati pa chakudya chake usana ndi usiku, koma sichingachimwe kuchokera mumpweya. Anthu anavutika zaka zambiri kufunafuna njira yomukokera pansi. Fritz Haber wa ku Germany anaipeza mu 1909, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa mu 1913, yodalira kutentha kopitirira madigiri 400 ndi makina opanikiza mpweya mwamphamvu yoopsa. M'mafakitale otere ndimo mumachokera Urea amene amawoloka nyanja, n'kutsikira ku Beira kapena ku Nacala, n'kudzafika pa Nsaru mtengo wake utakwera pa kona iliyonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri anangoliyang'ana thumbalo n'kubwerera.

Tsono zulani phata limodzi la mtedza mu Febuluwale, kaya ndi Chalimbana wa makolo kaya CG7 wochokera ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi amene ali m'dera lomweli chiyambire 1948. Sansani dothi, muyang'ane mizu. Mudzaona timibulu tating'ono ngati njere za mapira. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. M'kati mwake ndi mofiirira ngati magazi, ndipo kufiirako n'kwa mtundu umodzi ndi kwa magazi athu. M'kanyumba kameneko mumakhala tizilombo timene timagwira ntchito yomwe ija ya fakitale ya ku Germany, mwakachetechete, m'dothi lozizira, popanda utsi kapena magetsi. Mtedza umapatsa tizilomboti shuga, ito timaubwezera nayitirojeni. Gawo lina la mcherewo limapita kumtedza umene timakazinga, lina limatsala m'masangwi. Wotentha masangwi a mtedza kapena a soya akutentha fetereza amene Namalenga anamupangira m'munda mwake momwe.

Ndi msangu nawo, mtengo wochita zosiyana ndi inzake. Mitengo ina ikamaphuka ndi mvula, iwo umayoyola masamba ake pamizere, n'kusiya dzuwa lifike pachimanga. Mvula ikatha ndiye umabiriwira. Anaulangiza ndani kalendala ya mlimi?

Ndisanamize munthu kuti chimato chimodzi chingadyetse munda wonse. Manyowa ndi olemera kunyamula, amafuna ngolo zingapo, ndipo si banja lililonse lili ndi khola. N'chifukwa chake alimi ambiri kuyambira ku Kabudula mpaka ku Nambuma agwiritsa njira ya Mbeya, yotchedwa dzina la mzinda wa ku Tanzania. Amasakaniza gaga, phulusa, ndowe za nkhumba kapena zitosi za nkhuku, fetereza wogula pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati kwa masiku 21. Thumba limodzi la kusitolo limabala matumba angapo. Kwa ine njira imeneyi ndi yaulemu, chifukwa nzeru za munthu zikuyenda pambuyo pa nzeru za chilengedwe. Fetereza amadyetsa mbewu ya chaka chino. Manyowa amafewetsa nthaka, amaithandiza kusunga chinyezi ng'amba ikagwa mu Januwale, ndipo amadyetsa khamu losaoneka lija kuti lidzagwirenso ntchito chaka chamawa.

Ndinabwereranso ku Nsaru mu Okutobala, chizimalupsa chitangogwa. Atsibweni anaswa chimato ndi khasu, dothi lomata lija n'kugwa zibuma. Ndinafunafuna phesi kapena ndowe imodzi yoti ndiizindikire, koma sindinaipeze. Munali dothi lakuda bii, lofumbutuka, lozizira m'manja. Ndinalinunkhiza. Linali fungo lomwe lija limene linadzaza mudzi wonse dzulo lake madontho oyamba atamenya fumbi. Fungo limeneli limapangidwa ndi mtundu wina wa tizilombo ta m'nthaka totchedwa Streptomyces. M'banja lomweli ndimo Albert Schatz ndi Selman Waksman, ku America mu 1943, anapezamo streptomycin, mankhwala oyamba amene anagonjetsa chifuwa chachikulu. Ndinaima ndi dothilo m'manja, ndikuganiza za odwala onse amene anadzuka pamphasa chifukwa cha chinthu chokhala m'zinyalala zowola.

Atsibweni anali atayamba kale kudzaza dengu, kuwerengera manja awiri paphando lililonse. Khasu linatembenuza nyongolotsi yonenepa, yonyezimira, ikuphiriphitha padzuwa. Nkhuku zinathamangira. Iwo anaziingitsa ndi phazi, anawerama, n'kuitola bwinobwino ndi zala ziwiri.

"Iyi sitipatsa nkhuku, mphwanga. Ili pantchito."

Anaiika m'dengu, n'kuifotsera ndi manyowa.