Kasitima ka 1:87 ndi ndowa ya pamsika

Sabata ino ndabwera ndi funso looneka ngati lachibwana, koma tadekhani kaye: munthu akatenga chinthu chachikulu n'kuchipanga chaching'ono, wanena zoona kapena wanama?

Funsoli likuchokera ku masitima. Kunjaku kuli anthu akuluakulu, ena a imvi ndithu, amene amathera nthawi ndi ndalama zawo popanga timasitima tating'ono tofanana ndendende ndi masitima enieni. Mwina ena munationapo pa YouTube. Musaganize kuti ndi zidole za ana. Amapanga mutu wa sitima, mabogi ake, njanji, milatho, siteshoni, mpaka tianthu todikira ulendo. Ku Germany kuli kampani ya Märklin, ku Britain kuli ya Hornby, ndipo zonsezi zimadya za timasitima tomweti. Mumzinda wa Hamburg muli malo otchedwa Miniatur Wunderland, amene anatsegulidwa mu 2001, komwe anthu amalipira pakhomo kuti akaone timasitima tikuzungulira timapiri topanga.

Ife kuno ku Mphunzi sitima sitiiona. Njanji ya m'boma lathu la Dedza inadutsa kumunsi uko, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, popita ku Salima komwe inafika mu 1935. Kuno kumtunda zathu ndi malole a kachewere ndi kabichi. Komabe lamulo limene anthu a timasitimawa amatsata ndimalidziwa bwino, chifukwa ndi lomwelo limene limatisunga kapena kutigwetsa ife a pamsika. Lamulo lake ndi muyeso.

Muyeso wotchuka kwambiri amautcha HO, ndipo amaulemba 1:87. Tanthauzo lake n'lakuti chilichonse cha pasitima yeniyeni achichepetse ka 87. Bogi yotalika mamita 15 imasanduka ya masentimita 17, yoti n'kulowa m'thumba la jekete. Koma mvetsani apa. Si bogi yokha imene imachepa. Gudumu nalo ka 87, chitseko ka 87, makwerero, nyali, zokowetsera mabogi, zonse ka 87. Ukachepetsa bogi ka 87 koma magudumu ka 50, chimene wapanga ndi chinthu china, chimene sichinayendepo panjanji iliyonse. Pakati pawo alipo ena amene anzawo amawaseka kuti ndi owerenga misomali, chifukwa amawerengadi timisomali ta m'mbali mwa kasitima kuti aone ngati tikukwana.

Tatiyeni tiibweretse kwathu nkhaniyi. Njanji zambiri za ku Ulaya, zitsulo zake ziwiri zimatalikirana mamilimita 1,435. Mukagawa ndi 87 mupeza 16.5, ndipo tinjanji tambiri togulitsa m'masitolo n'ta muyeso umenewo. Njanji yathu ya ku Malawi, monganso ya ku Zambia, Mozambique ndi South Africa, ndi yopapatiza: mamilimita 1,067. Mukagawa ndi 87 mupeza 12 ndi kakang'ono pamwamba. Ndiye munthu wofuna kupanga sitima ya malasha ija imachoka ku Moatize n'kudutsa ku Nkaya, ku Liwonde ndi ku Nayuchi popita ku Nacala, ali ndi njira ziwiri. Akhoza kugula tinjanji ta 16.5 tosavuta kupeza, kapena avutike kusaka ta 12. Kusiyana kwake ndi mamilimita anayi ndi theka, osafika n'komwe kukula kwa njere ya chimanga. Mlendo wobwera kudzaona sangazindikire. Wodziwa ndi mwiniwake yekha basi. Inuyo mukanatani?

Palinso china chodabwitsa. Akamaliza kupenta kasitima kaja bwinobwino, amakadetsa dala. Amatenga choko chopera, penti wosungunula kwambiri ndi kaburashi kosongoka, n'kuyamba kuika dzimbiri momwe madzi a mvula amatsetserekera, mwaye pamwamba pomwe utsi umatulukira, girisi m'magudumu, fumbi pansi pa mabogi. Ntchito imeneyi imatha kudya masiku, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Amavutikiranji? Chifukwa sitima yogwira ntchito yopanda litsiro kulibe. Bogi ya malasha yoyera mbee ingakhale yokongola, koma ikunama za kumene yachokera.

Apa ndi pomwe pali yankho la funso langa lija. Kuchepetsa chinthu si bodza. Bodza limalowa pamene wachepetsa mbali ina ndi muyeso wina, mbali inayo ndi muyeso winanso, kenaka n'kumuuza mnzako kuti muyeso ndi umodzi.

A pamsika mukudziwa zimene ndikunena. Alipo anzathu ena oyenda ndi ndowa ziwiri. Yogulira kumunda ndi yotukumuka m'mimba, yogulitsira ndi yoponda pansi ndi mwala. Zonse akuzitcha ndowa. Mlimi amuba pogula, wogula amuba pogulitsa, koma pakamwa pake sipanatuluke bodza ndi limodzi lomwe, yanama ndi ndowa. Chimodzimodzi mulu wa tomato wokhala ndi akuluakulu pamwamba, ophwanyika pansi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma musathamangire kuloza zala mavenda okha, abale anga. Tonsefe timapanga timasitima tsiku ndi tsiku. Kufotokoza kulikonse ndi kuchepetsa. Banja la zaka khumi simungalifotokoze kwa ankhoswe zaka khumi, muyenera kulipinda kuti likwane mu ola limodzi. Palibe cholakwa pamenepo. Vuto ndi muyeso umene timatenga. Zimene tinalakwa ife timazichepetsa ka 87: "Ndinangolankhula mokweza pang'ono." Zimene analakwa mnzathu timazisiya zathunthu, ndi dzimbiri lake lomwe, tsiku ndi ola tikulikumbukira. Zabwino zathu n'zazikulu ngati phiri la Chongoni, zabwino zake n'zosaoneka popanda magalasi. Mawu onse akhoza kukhala oona mmodzimmodzi, koma chithunzi chonse n'chabodza, ngati kasitima ka magudumu olakwika kaja. Pandale ndiye musanene. Wa chipani chathu akaba timati ndi tizofooka ta umunthu, wa chipani china akaba zomwezo timati dziko latha.

Wina andifunsa: "Nanga mwana wopanga sitima ya mawaya, eti nayenso ndi wabodza?" Mukudziwa mmene amapangira ana athu. Mutu wa mawaya, mabogi a zitini kapena makatoni, magudumu a zotsekera mabotolo omanga ndi malegeni, chiwongolero chotalika kufika m'chiuno. Muyeso palibiretu. Koma mwanayu sakunama, chifukwa sanalonjeze aliyense kuti ichi ndi chifaniziro chenicheni. Aliyense akuona kuti ndi mawaya. Iye akunena zimene akulakalaka, ndipo kulakalaka kuli ndi ufulu wokulitsa magudumu mmene kungafunire.

Wina anganenenso kuti palibe munthu amene angakwanitse muyeso wangwiro, ndipo n'zoona. Ku Britain muyeso wotchuka ndi OO, wa 1:76, koma timasitima take timayenda pa tinjanji ta 16.5 tomwe tija, pomwe masamu ake amafuna ta 18.83. Ndiye kuti njanji ndi yopapatiza kuposa mmene iyenera kukhalira. Ena zinawanyansa mpaka anayamba kudzipangira tinjanji tawo, koma ambiri amangopitiriza. Kodi amenewa ndi akuba? Ayi, poti nkhaniyi ndi yodziwika, sabisirana. Zili ngati ine nditakuuzani kuti, "Mayi, ndowa iyi ndi yaing'ono pang'ono, n'chifukwa chake mtengo ndatsitsa." Ndowa ndi yoperewera ndithu, koma inu mwagula mukuona. Chimene chimaononga ndi kupereweza mobisa.

Funso lovuta kwambiri ndi la chifundo. Munthu wokhululuka naye amagwiritsa miyeso iwiri, amachepetsa cholakwa cha mnzake kuposa mmene chinalili. Kodi ameneyu tim'dzudzule kuti waphwanya lamulo? Ine ndikuti tiyang'ane amene akuluza. Pamsika tili ndi basela. Ndikayeza mbale ya nyemba n'kuonjezerapo kadzanja, muyeso ndauphwanya, koma wopsa ndi ine ndemwe, ndipo ndachita ndikudziwa. Ndowa yoponda pansi imadyera mnzako, basela amadyera mwiniwake. Kukhululuka ndi basela. Koma dziwani kuti basela amabwera mbale itadzaza kale. Simungakhululuke chinthu chimene mwakana kuchiyeza. Kunena kuti "palibe chinachitika" pomwe mwana wavulazidwa kapena ndalama za gulu zasowa, kumeneko si kukhululuka ayi, ndi kupenta pamwamba pa dzimbiri, ndipo dzimbiri lopentedwa limadya chitsulo m'kati mwakachetechete.

Ndiye pempho langa sabata ino ndi laling'ono. Musanakatule nkhani kwa ankhoswe, kwa amfumu, kwa abusa, kapena musanalembe pa Facebook za munthu amene mwayambana naye, tayesani kutembenuza. Cholakwa chanu chija, akanachita ndi iyeyo, mukanachifotokoza ndi mawu omwewo? Chabwino chake chija, mukanachita ndi inuyo, mukanachidumpha? Mukaona kuti mawu akusintha, dziwani kuti m'thumba mwanu muli ndowa ziwiri. Palibe wa boma amene adzabwere kudzayeza ndowa za mumtima, monganso palibe mlendo amene angaone mamilimita anayi ndi theka aja. Wodziwa ndi mwiniwake.

Amene munakulira m'mbali mwa njanji, ku Balaka, ku Luchenza kapena ku Salima, tatiuzeni: sitima zanu za mawaya munkazipanga bwanji, nanga munkaziika dzimbiri?