MPIKISANO UTATHA: MAU KWA WOBETCHA PA MAHATCHI NDI A M'NYUMBA MWAKE



Ramadhani ndi mwezi woti munthu akhale pansi ndi kudziwerengera yekha zochita zake. Tsono m'tsamba lino tifuna tikambe nanu za kuwerengera kwa mtundu wina, kumene kumaoneka ngati komweku koma kumakathera kwina. Tikunena za chizolowezi cha anthu obetcha pa mipikisano ya mahatchi, chotenga zotsatira tsiku la mpikisano litatha, n'kumaziyerekeza ndi mahatchi amene iwo anasankha.

Mwina muti, "Ife kuno kunyanja mahatchi tinawaona kuti?" Zoona, kuno kulibe mabwalo ake. Koma ana athu, amuna athu ndi alamu athu ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo ena anakhazikika ku Harare kalekale. Ku South Africa mahatchi amathamanga pafupifupi tsiku lililonse, m'mabwalo monga Turffontein ku Johannesburg, Kenilworth ku Cape Town ndi Greyville ku Durban, kumene mpikisano wotchuka wa Durban July unayamba mu 1897. Nako ku Harare kuli bwalo la Borrowdale. Ndiye masiku ano pali foni, imene imalola munthu kubetcha ali khale pamkeka. Ndalama yotayika kumeneko ndi yomweyo imene ikudikiridwa kuno kuti igule ufa, ilipire fizi ndi kuikitsa futari pamoto. Nkhaniyi ndi yathu ndithu.

ZIMENE ZIMACHITIKA MADZULO

M'bale wathu, tiyeni tinene zimene mumachita, mutiuze ngati tikunama. Mpikisano womaliza watha. Mwatenga kabuku kanu, kapena foni, ndipo mukuyang'ana mpikisano umodziumodzi: yapambana ndi iti, yachiwiri ndi iti, yanga yathera pati. Mukuona kulemera kumene hatchi inanyamula, chipata chimene inayambira, amene anaikwera, amene amaiphunzitsa, ndiponso ngati pansi panali pouma kapena ponyowa. Kenaka mukulemba kuti, "Iyi ndisaitaye, ulendo wina idzachita bwino pa mtunda wautali."

Munthu wokuonani angati mukuwerengera za sitolo. Inunso mumtima mumati, "Ine sindili ngati aja ongoponya ndalama mwachimbulimbuli. Ine ndimaphunzira pa zolakwa zanga." Funso lathu lagona pomwepa: kodi kubwereza zotsatira kumeneku ndi nzeru, kapena ndi chingwe chimene chimakukokerani kubwalo mawa lake?

MAU A WOBETCHA

Tisafulumire kumudula pakamwa wobetchayo, pakuti ali ndi mfundo yake. Iye amati: "Kodi msodzi sachita chimodzimodzi? Akabwera wopanda kanthu amakhala pagombe n'kumaganiza kuti mwera unayamba nthawi yanji, mwezi unawala bwanji, usipa unali mbali iti. Mawa amakonza ulendo wake malinga ndi zimene waona, ndipo palibe amene amamutcha wajuga. Nayenso amaika ndalama za mafuta ndi za alovi asakudziwa chimene akapeze. Ine ndasiyana naye pati?"

Funsoli ndi labwino, ndipo liyenera mayankho oona. Tipereka atatu.

CHOYAMBA: NDALAMAYO IMACHOKERA KUTI?

Msodzi akachita mwayi amabwera ndi nsomba zimene dzulo sizinali m'dengu la munthu aliyense. Iye wapeza, wogula wapeza, mayi woyanika usipa pathandala wapeza, mudzi wonse wadya. Palibe amene wagona ndi njala chifukwa choti msodziyo wapha zambiri.

Kubetcha sikutero. Njira imene amaitcha tote, imene inayambitsidwa ndi Joseph Oller ku Paris m'zaka za m'ma 1860, imayenda chonchi: ndalama za obetcha onse zimaikidwa m'thumba limodzi, eni ake amayamba atapapo gawo lawo, ndipo zotsalazo ndizo amagawana amene asankha bwino. Tingoyerekeza: anthu 100 aika R10 aliyense, ndiye kuti m'thumba muli R1,000. Eni ake akatapa R200, zobwerera kwa anthu ndi R800 basi, kaya ipambane hatchi iti. Nawo mabukumeka, aja amene amakuuziranitu mtengo wa hatchi iliyonse, amaika phindu lawo m'kati mwa mitengoyo. Choncho obetcha onse pamodzi amatuluka ndi zochepa kuposa zimene analowa nazo, tsiku ndi tsiku.

Ndiye taganizani, inu mukapambana, mwadya ya yani? Mwadya ya mnzanu wa kumaganyu, amene nayenso mkazi wake akudikira uthenga wa ndalama pafoni. Mukamanola nzeru zanu madzulo aja, mukunolera thumba la m'bale wanu. Ngakhale mutakhala katswiri weniweni, mfundo iyi siisintha.

CHACHIWIRI: ZAPITA ZIMAONEKA ZOSAVUTA

Mpikisano ukatha, chifukwa chimene hatchi yapambanira chimaoneka poyera, mpaka munthu amadzimenya pamphumi n'kumati, "Aa, ndinadziwa ine!" Koma m'mawa uja simunadziwe, chifukwa mukanadziwa mukanaisankha. Hatchi iliyonse inali ndi zifukwa zake zoti ipambane ndi zoti igonje; madzulo mumangotola zimene zagwirizana ndi zotsatira, zinazo n'kuziiwala.

Matenda amenewa ndi a anthu tonse. Akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Baruch Fischhoff ndi Ruth Beyth, anafunsa ophunzira kuti alosere zimene zikachitike pa maulendo a Pulezidenti Nixon wa ku America opita ku China ndi ku Soviet Union mu 1972. Maulendowo atatha anawafunsanso kuti akumbukire zimene analosera zija. Ambiri anakumbukira molakwa, kudziyesa kuti anayandikira choonadi kuposa mmene zinalili. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1975. Mtima wa munthu umakonza dzulo kuti ligwirizane ndi lero.

Mbiri ya mahatchi yomwe ikuchitira umboni. Ku England kuli mpikisano wodumpha mipanda wotchedwa Grand National, pa bwalo la Aintree. Mu 1956 hatchi ya mayi ake a Mfumukazi Elizabeth, dzina lake Devon Loch, inali patsogolo, mipanda yonse itadumpha kale, koma itatsala pang'ono kufika pamzere inangogwa chamimba payokha, ndipo ina inaidutsa. Mu 1967 hatchi yotchedwa Foinavon, imene mtengo wake unali 100 pa 1 chifukwa palibe amene ankaiwerengera, inali kumbuyo kutali. Pa mpanda wa nambala 23 hatchi ina yopanda wokwera inadutsa mopingasa, mahatchi ena onse n'kuunjikana pamenepo. Foinavon inapeza mpata, inadumpha, n'kukapambana. Tiuzeni, ndi kabuku kati kakanalosera zimenezi?

Ngakhale hatchi imene anthu ambiri aikhulupirira imapambana pafupifupi mpikisano umodzi mwa itatu. Tsono pa kubetcha kuja amati Pick 6, kofuna kuti mulondole mipikisano isanu ndi umodzi yotsatizana, mutasankha yokhulupiriridwayo pa uliwonse, mwayi wanu uli ngati umodzi pa 729. Mukati muonjeze mahatchi kuti mutseke mipata, mtengo wa tikiti nawo ukukwera.

CHACHITATU: MAU AKUTI "NDIKANATI"

Mvetserani mau amene amatuluka pakamwa panu pobwereza zotsatira. "Ndikanasankha ija." "Ndikanamvera mtima wanga." "Yangotsala ndi mphuno yokha." "Zisanu ndinalondola, yandigwetsa imodzi." Mau amenewa sauza munthu kuti asiye, amamuuza kuti wayandikira. Munthu amene waluza kotheratu mwina angachoke, koma amene waphonya pang'ono amabwerera mawa ndi ndalama yokulirapo. Chikhalirecho kuphonya pang'ono ndi kuluza basi, ndipo tikiti yake imatayidwa m'bini limodzi ndi zinzake.

Mu hadisi yosungidwa ndi Imamu Muslim, Mtumiki (SAW) anatilangiza kulimbikira zinthu zotipindulira ndi kupempha thandizo kwa Allah, ndipo anatichenjeza za kudzizunza ndi "ndikanati" chinthu chitachitika kale, chifukwa mauwa amatsekulira Satana khomo. Onani tsono kuti kabuku ka wobetcha kadzaza ndi mau amenewa kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Malipiro a sabata ino anali pamphuno. Mwawapereka posaka a mphepo.

HATCHI ILIBE MLANDU

Tisamvane molakwa. Chisilamu sichidana ndi hatchi kapena mpikisano. Sura ya 100 ya Qur'an, Al-Adiyat, ikuyamba ndi mahatchi othamanga. Imamu Bukhari anasunga nkhani yoti Mtumiki (SAW) anathamangitsa mahatchi ku Madina: ophunzitsidwa bwino anayambira ku Al-Hafya kukafika ku Thaniyyatul Wada, ndipo enawo anapatsidwa mtunda waufupi wokathera pa mzikiti wa Banu Zuraiq. Maulama amavomereza mphotho ya wopambana ngati yaperekedwa ndi munthu wapadera amene sali mumpikisanowo. Ku Dubai, pamene mpikisano waukulu wa Dubai World Cup unkayamba mu 1996, anthu ankadzaza bwalo kudzaonera popanda mawindo obetcherapo.

Chimene chinaletsedwa ndi juga, imene m'Chiarabu amati maisir: kuika chuma chako pa chinthu chosadziwika kuti udye cha mnzako kapena iye adye chako. Sura Al-Baqara ndime 219 sikubisa kuti m'juga muli kaphindu kena, koma ikuti tchimo lake ndi lalikulu kuposa phindulo. Sura Al-Maida ndime 90 ndi 91 ikutilamula kuitalikira, ndipo ikutchula zipatso zake: udani, chidani, ndi kutsekereza munthu kukumbukira Allah ndi kuswali. Dziyeseni nokha pamenepa. Kodi simunaimepo pa swala ya Isha mtima uli pa mpikisano wachisanu ndi chimodzi? Juga siithera pawindo pomwe mwaperekera ndalama. Imakutsatirani kunyumba, kudya nanu, ndi kuima nanu pamzere mumzikiti, ndipo kabuku kaja ndiko kamainyamula.

KUWERENGERA KOYENERA

Komabe m'chizolowezi chanucho muli kanthu kabwino kamene sitifuna kuti katayike. Mumatha kukhala pansi, kulemba, kuyerekeza ndi kuvomera kuti apa ndinalakwa. Anthu ambiri zimenezi zimawakanika. Vuto ndi lakuti mafunso anu onse ndi ofunsa hatchi, palibe lofunsa inu mwini. M'mwezi uno tikupemphani kuti mutembenuze kabukuko, muyambire kumbuyo kwake, ndipo mulembe mayankho a mafunso awa:

1. Kuyambira Idi yapita ija, ndaika ndalama zingati zonse pamodzi, ndipo zabwerera zingati? Musalembe masiku opambana okha ayi; lembani onse.

2. Ndalamazo zinali zoyenera kupita kwa yani? Tchulani maina: mayi, mkazi, mwana wa ku sekondale, mwini ngongole.

3. Ndanama kangati pafoni kuti abwana sanalipire, kapena kuti zinthu zavuta kuno?

4. Ndi swala zingati zimene ndachedwetsa kapena kuswali mothamanga chifukwa cha mpikisano?

Kuwerengera kumeneku ndiko mashehe athu amati muhasaba. Kumawawa, chifukwa kulibe wokwera hatchi woti mumuloze chala. Koma ndi kokhako kumene kungasinthe mawa lanu, popeza hatchi ya ku Greyville simungailamule, pamene dzanja lanu ndi thumba lanu zili m'mphamvu yanu.

Ramadhani yakuonetsani kale kuti mungathe. Madzi ndi halali, koma mumawasiya kuyambira daku mpaka kulowa kwa dzuwa, ngakhale kutenthe chotani. Amene watha kusiya cha halali angalepherenji kusiya cha haramu? Yambani ndi zotsatira zomwezo: musaziyang'ane, ngakhale tsiku limene simunabetche, chifukwa "ndingoonako" ndiye poyambira ulendo wobwerera. Fufutani za kubetcha zonse m'foni. Tsiku lolandira, tumizani ndalama ya kumudzi musanafike kumene mumagona. Ngati muli ndi ndalama imene munapambana, kambiranani ndi shehe wanu za njira yoichotsera m'chuma chanu. Ndipo mukaterereka tsiku lina, musati zonse zatha. Dzedzere-dzedzere salingana n'kugweratu. Chitani toba, muyambirenso.

KWA A M'NYUMBA

Inu amayi, akazi ndi atsibweni amene mwazindikira kuti mwana wanu wagwa m'zimenezi, musamulalatire pagulu kapena kumutchula pamaliro. Manyazi amathamangitsira munthu kubwalo komweko, kukafuna kubweza zonse tsiku limodzi kuti aoneke munthu. Muimbireni nokha, mumufunse modekha, ndipo mumuthandize kuwerengera. Ndiponso dzifunseni: pamene anatumiza ndalama yochuluka modzidzimutsa, kodi tinafunsa kumene yachokera, kapena tinangoti alhamdulillah n'kukagula malata? Nafenso tili ndi tsamba lathu m'kabukumo.

Tikupempha Allah kuti atipatse riziki la halali ndi mtima wokhutira nalo, awabwezere kwa ife ana athu a kutali ali ndi manja oyera, ndiponso alandire kusala kwathu ndi toba yathu. Amin.

Wassalamu alaikum warahmatullah.