Mwana Akalephera Mayeso, Walephera Ndani?

Chaka chilichonse mwera ukayamba kuwomba panyanja, ana athu a Fomu 4 amakhala ali pakalikiliki kukonzekera mayeso a MSCE. Ife amene timaphunzitsa ku madrasa timaizindikira nyengo imeneyi osayang'ana pa kalendala. Mphasa zakumbuyo, zimene pamakhala anyamata ndi atsikana osinkhuka, zimayamba kukhala zopanda anthu, ndipo amene abwera amangosinza. Pakapita miyezi ingapo bungwe la MANEB limatulutsa zotsatira. Makomo ena kumamveka nthungululu, makomo ena kuli zii. Ndipo pakhomo pamene pali zii ndi pamene pamayambira mlandu. Kholo limati aphunzitsi a masiku ano saphunzitsa. Mphunzitsi amati makolo a kunyanja salabadira sukulu. Awiriwa akatopa kulozana zala amagwirizana chimodzi, chakuti mwanayo ndi waulesi.

Tikufuna tilifunse funsoli mofatsa, mayeso asanalembedwe, mitima isanatenthe: mwana akalephera, walephera ndani?

Ambiri a ife timaiona sukulu ngati chigayo. Timapita ndi chimanga, kulipira, n'kukhala panja kudikira ufa. Ufa ukatuluka woipa timakalipira wachigayo, poti ife mbali yathu tinachita. Mawu akuti "fizi ndinalipira" timawanena ngati chiphaso chotimasula ku udindo wonse wotsala. Komatu tiyeni tiwerenge maola. Ana ambiri a m'midzi yathu amaphunzira m'sukulu zoyendera. Pa maola 24 a tsiku, mphunzitsi amakhala ndi mwana maola osapitirira asanu ndi atatu, ndipo mwanayo amakhala mmodzi mwa makumi angapo m'kalasi. Maola ena onsewo mwana ali m'manja mwathu. Kumene wagona, chimene wadya, ntchito imene tamutuma, mawu amene tamuyankhula m'mawa, zonsezi amalowa nazo m'kalasi.

M'chipembedzo chathu mwana ndi amana, chinthu chimene Allah watisungitsa ndipo adzatifunsa m'mene tinachisungira. Amana munthu akhoza kupempha ena kuti amuthandize kuisamala, koma sangaitule n'kuchokapo. Anthu a kunyanja timazidziwa bwino izi. Mwini bwato amapereka bwato ndi chilimira kwa alovi, iye osalowa m'madzi. Koma m'bandakucha timamupeza ali pagombe. Amafuna aone nsomba zimene zaphedwa, aone pamene ukonde wang'ambika, amve ngati injini inavuta usiku. Sitinamvepo mwini bwato akunena kuti, "Mafuta ndinagula, zina zonse n'za alovi, tidzaonana chaka chamawa." Nanga bwanji mwana, amene ndi woposa bwato, timamupereka kusukulu zaka zinayi osapondako phazi ngakhale kamodzi?

Sikuti makolo athu ndi ouma mtima. Mtunda umene uli pakati pa khomo la Msilamu ndi bwalo la sukulu uli ndi mbiri yake. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo agogo athu ambiri anakana kutumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo chawo. Anateteza chimene anachiona kuti n'chamtengo wapatali, ndipo sitiwaweruza. Koma mtengo wake unali waukulu: mibadwo ingapo inakula yosadziwa kulemba ndi kuwerenga Chingerezi. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana anadzaza m'makalasi, koma makolo ambiri anatsalira kunja kwa mpanda. Lero mantha akale aja anachepa, m'malo mwake munalowa manyazi. Bambo amene amalamula alovi khumi panyanja, mawu ake n'kumveka gombe lonse, amasowa chonena akaima pamaso pa mphunzitsi wamkulu. Amaopa kupatsidwa pepala limene sangaliwerenge.

Apa ndi pamene pamachokera funso limene timalimva kawirikawiri: "Mwalimu, ine sukulu sindinapite. Mwana wa Fomu 4 ndingamuthandize chiyani?" Funsoli n'loona mtima ndipo liyenera kuyankhidwa moona mtima. Kholo silikupemphedwa kuphunzitsa masamu kapena sayansi, imeneyo ndi ntchito ya mphunzitsi. Koma pali zinthu zimene mphunzitsi, ngakhale akhale katswiri chotani, sangathe kumupatsa mwana: nthawi, kuwala, tulo, chakudya ndi mtendere wa pakhomo. Mnyamata amene wachezera usiku panyanja akukoka ukonde sangamve phunziro la m'mawa. Mtsikana amene akaweruka amatunga madzi, kuyanika usipa pathandala, kuphika, kenaka kubereka mwana wa mchemwali wake mpaka usiku, adzatsegula buku maso atalemera kale. Nyali imene timaipeza kuti tikope usipa usiku tingalephere kuipeza kuti mwana awerenge?

Tisanamizane kuti izi n'zopanda mtengo. Usiku umodzi wa mnyamata panyanja ndi ndiwo za banja, mwinanso ndi sopo ndi mchere. Kumumasula ku ntchito miyezi iwiri kapena itatu ya mayeso ndi kutaya ndalama zenizeni, ndipo amene amanena mopepuka kuti "makolo amasuleni ana" mwina sanagonepo ndi njala. Komabe tiyeni tiike zinthu ziwirizi pasikelo. Mbali ina pali phindu la miyezi itatu. Mbali inayo pali zaka khumi ndi ziwiri zimene mwanayu wakhala akuyenda kupita kusukulu, ndi fizi yonse imene tinaivutikira. Pamene banja limodzi silingathe lokha, mbumba ilipo. Amalume, azakhali ndi abale ena angagawane ntchito za mwanayo kwa kanthawi, monga timachitira wina akadwala. Mutu umodzi susenza denga.

Palinso zinthu zochepa zimene kholo lililonse liyenera kuzidziwa kuti mafunso ake akhale olunjika. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Nambala ikachepa ndiye kuti mwana wachita bwino: 1 ndi 2 ndi kupambana kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene ana amatchula amachokera pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa. Chingerezi ndiye chipata: mwana akachilephera salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena, ndipo wofuna kupita ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezicho. Kholo lodziwa izi silifunsa kuti "Sukulu ikuyenda?", funso limene yankho lake nthawi zonse ndi "Eya." Limafunsa mphunzitsi kuti, "Pa Chingerezi mwana wanga ali pati? Pa mayeso oyeserera anapeza chiyani? Kodi dzina lake ndi maphunziro ake zinalembedwa bwino m'kaundula wa mayeso?" Mafunso amenewa safuna kuti wofunsayo adziwe kuwerenga.

Koma mgwirizano uli ndi mbali ziwiri, ndipo sukulu nayo ili ndi ngongole kwa makolo. Ngongole yoyamba ndi choonadi, chonenedwa nthawi ikadalipo. Ngati mwana anayamba kutsalira ali Fomu 3, si chilungamo kuti kholo lidzadziwe zotsatira zitatuluka. Ngongole yachiwiri ndi ulemu. Makolo ambiri amaitanidwa kusukulu pa zifukwa ziwiri zokha, ndalama kapena mlandu. Misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi imathera pa nkhani ya njerwa ndi zopereka za chitukuko, nkhani ya maphunziro a ana n'kungokhudzidwa anthu akunyamuka. Msonkhano woikidwa Lachisanu masana, kapena m'mawa pamene nsomba zikutsika m'mabwato, ndi msonkhano umene wathamangitsa kale theka la oitanidwa. Ndipo mphunzitsi woyankhula Chichewa kapena Chiyao chomveka, wosasakaniza Chingerezi pofuna kuoneka wophunzira, amatsegula pakamwa pa kholo limene linabwera ndi manyazi. Sukulu idziwenso kuti m'makomo ambiri a kuno bambo ali ku Joni, ndipo mwana akuleredwa ndi mayi, agogo kapena amalume. Woyenera kuitanidwa ndi amene amaona mwanayo akugona ndi kudzuka. Bambo ali kutaliyo asathere potumiza fizi. Foni imene amatumizira ndalama ingathenso kuimbira mphunzitsi wa kalasi.

Ifenso a ku madrasa tisadzipatule ngati oyera. Nthawi zina tamukalipira mwana wa Fomu 4 chifukwa chojomba, osamufunsa kuti wagona nthawi yanji. Tamuchititsa kumva ngati akusankha pakati pa Mulungu ndi sukulu, pamene kufuna maphunziro aphindu si kupandukira Mulungu. Swala siimitsidwa chifukwa cha mayeso, ndipo mwana woswali pa nthawi yake amakhala kuti tsiku lake lagawika kale bwino. Amene wadzuka kuswali Subuhi ali ndi ola labata lowerengera dzuwa lisanatuluke. Koma kuloweza masura atsopano kukhoza kudikira miyezi iwiri osawonongeka kanthu. Ndipo ngati pamzikiti pali magetsi kapena sola pamene m'makomo mulibe, n'chifukwa chiyani chipinda cha madrasa chizikhala chotseka madzulo? Akuluakulu odalirika angasinthane kuyang'anira, anyamata pawokha, atsikana pawokha, ndi kuonetsetsa kuti onse afika kwawo bwino.

Pali mtundu wina wa mgwirizano umene tiyenera kuukana poyera. Umenewu ndi pamene kholo, mwana, ndipo nthawi zina mphunzitsi, agwirizana kubera mayeso. Mu Novembala 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE ali m'kati chifukwa mapepala anali atabedwa ndi kufalitsidwa, ndipo ana a dziko lonse analembanso mu Januwale 2021. Amene anavutika kwambiri ndi ana osalakwa, amene anawerenga moona mtima m'chaka chimene sukulu zinatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kholo lopereka ndalama yogulira likasa limaganiza kuti likuthandiza mwana. Chimene lamuphunzitsa n'chakuti chinyengo n'chololedwa zinthu zikathina, ndipo phunziro limenelo lidzakhalitsa kuposa masamu onse. Satifiketi yakuba imabala ntchito yakuba, ndipo malipiro a ntchito imeneyo tingawatche bwanji halali? Tikumbukirenso kuti namwino wolowa ntchito ndi pepala lachinyengo adzabaya jakisoni mwana wathu yemwe. Chimodzimodzinso zithumwa ndi mankhwala opaka pa cholembera. Duwa ya kholo ndi yamphamvu ndipo tiichulukitse, koma kuyezamira kwa Allah kumabwera munthu atachita mbali yake. Msodzi amasoka ukonde kaye, kenaka n'kupempha riziki.

Chomaliza ndi lilime lathu. Pofuna kulimbikitsa mwana, ena timati, "Ukalephera usadzaponde pakhomo pano," kapena timamuwerengera mbuzi zonse zimene tinagulitsa chifukwa cha iye. Mwana wa zaka 17 kapena 18 amawatenga mawu amenewa monga momwe anenedwera. Amalowa nawo m'chipinda cha mayeso mtima ukugunda, ndipo zimene ankazidziwa zimamuthawa. Mwana amene wasiya kudya, amene sakugona, amene wayamba kudzipatula, asatchedwe wamwano. Ameneyo wasenza katundu womuposa msinkhu, ndipo akufunika munthu wokhala naye pansi n'kumumvetsera. Ayenera kumva kuchokera pakamwa pathu, mayeso asanayambe, kuti pakhomo pano ndi pake, akhoze kapena alephere. Mayeso a MSCE munthu amatha kulembanso. Palinso sukulu za ntchito zamanja zimene zatukula ambiri. Koma mtsikana wokwatiwitsidwa mwachangu chifukwa cha manyazi a banja, kapena mnyamata wothawira ku Joni wopanda mapepala chifukwa choopa nkhope ya bambo ake, njira yake yobwerera imakhala yaitali.

Tsono walephera ndani? Pepala la MANEB limayeza zimene mwana analemba m'maola ochepa. Siliyeza amana. N'zotheka mwana kulephera pamene kholo linamumasula ku ntchito, mphunzitsi anaphunzitsa mokhulupirika, ndipo iye anawerenga ndi mphamvu zake zonse. Pamenepo palibe wolakwa, pangotsala kupirira ndi kuyesanso. N'zothekanso mwana kubwera ndi mapointi ochititsa kaso ogulidwa ndi likasa, mudzi wonse n'kuvina, pamene onse atatu agwa pa mayeso aakulu. Aliyense adzafunsidwa za gawo lake: mphunzitsi za choko ndi choonadi, mwana za khama lake, ife makolo za maola amene anali m'manja mwathu.

Mayeso akadali kutsogolo. Sabata ino, ntchito ya m'mawa ikatha, tivale bwino tipite kusukulu. Tikafunse dzina la mphunzitsi wa kalasi ya mwana wathu, timupatse moni, ndipo timufunse kuti, "Aphunzitsi, mwanayu akufunika chiyani chimene ife kunyumba tingachite?" Allah awapepukitsire ana athu mayeso awo, ndipo atithandize ife kusunga chimene anatisungitsa.